Ukadina Batani la SOS Kuphiri, Amayankha Ndani?

Kachipangizo kake n'kochepa ngati sopo wosambira, ndipo tina tamakono n'tochepa kuposa pamenepo. Kamakhala ndi timagetsi tothwanima ndi batani limodzi lobisika pansi pa kachivundikiro kuti lisadinike mwangozi. Pabatanipo pamalembedwa zilembo zitatu, SOS. Anthu okwera mapiri, odutsa m'zipululu, opalasa njinga maulendo ataliatali ndi oyenda panyanja ku America ndi ku Ulaya amakakoloweka pachikwama, ndipo otsatsa malonda amawauza kuti kumene netiweki ya foni yathera, kachipangizoka kamapitiriza kulankhula kudzera pa setilaiti. Mawuwo si onama. Koma munthu akamafunsa ngati tizipangizoti n'todalirika, kawirikawiri amafunsa za pulasitiki ndi batire, chonsecho chimene wagula kwenikweni ndi lonjezo la anthu amene sadzawaona: loti wina ali maso usiku wonse, loti dzina lake lili m'kaundula, loti nambala ya m'bale wake imene ili pakompyuta ndi yolondola, ndiponso loti akaunti yake sinatsekedwe sabata yatha chifukwa cha khadi la kubanki lotha ntchito. N'chifukwa chake nkhani ya mmene kampani imasamalirira makasitomala ake, imene ambiri amaiyesa ya pambali, ili pamtima penipeni pa nkhani ya kudalirika.

M'sitolo tizipangizoti timaikidwa pashelefu imodzi ngati n'tapachibale, koma tili m'mabanja awiri. Banja loyamba ndi la maboma. Mu 1979, nthawi imene America ndi Soviet Union sankamwerana madzi, maiko awiriwa pamodzi ndi Canada ndi France anagwirizana zokhazikitsa masetilaiti omvetsera kulira kwa ndege ndi sitima zimene zakumana ndi ngozi. Dongosololi limatchedwa Cospas-Sarsat, ndipo oyamba kupulumuka nalo anali anthu atatu amene ndege yawo yaing'ono inagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada mu Sepitembala 1982. Kachipangizo ka munthu woyenda pansi ka m'banja limeneli kamatchedwa PLB. Sikatumiza moni, sikasonyeza abale pamene wafika, sikalipiridwa mwezi ndi mwezi. Ntchito yake ndi imodzi basi: ukakayatsa, kamakuwa pa 406 MHz ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 5 kwa maola osachepera 24, ndipo mfuuyo imakafika kumalikulu a boma opulumutsa anthu. Banja lachiwiri ndi la makampani. SPOT, ya kampani ya Globalstar, inatuluka mu 2007. InReach inayambitsidwa ndi DeLorme mu 2011, Garmin n'kudzagula DeLorme mu 2016, ndipo imadalira masetilaiti a Iridium. Zimenezi n'zimene anthu amakonda, chifukwa zimajambula kanjira ka ulendo pamapu a pa intaneti, zimatumiza uthenga woti "ndafika bwino", ndipo batani la SOS limabwera ngati banyira. Mtengo wa zokomazo ndi wakuti pakati pa wovulala ndi womupulumutsa pamalowa kampani yochita bizinesi.

Kuti tione pamene chingwe chimadukira, tiutsatire uthengawo kuchokera pachala cha woudina. Poyamba kachipangizo kayenera kudziwa pamene kali, ndipo zimenezi kamamva kwa masetilaiti a GPS, omwe ndi ena, osiyana ndi onyamula uthenga. Kenako kayenera kupeza setilaiti yonyamula uthenga ikudutsa pamwamba. Masetilaiti a Globalstar, amene amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera pansi, amagwira ntchito ngati galasi lobweza kuwala: amalandira uthenga n'kuugwetsera pasiteshoni yapansi nthawi yomweyo, choncho ngati setilaitiyo sikuona siteshoni iliyonse pamphindi imeneyo, uthengawo watayika. N'chifukwa chake mapu a Globalstar ali ndi mipata pakati pa nyanja zikuluzikulu ndi kumathero a dziko kozizira kuja. Masetilaiti 66 a Iridium, amene ali pamakilomita pafupifupi 780, amapatsirana uthenga okhaokha ngati anthu opatsirana njerwa pachitukuko mpaka ufike pansi, ndiye amakuta dziko lonse. Koma ngakhale Iridium siboola thanthwe. Tizipangizoti timalankhula monong'ona, SPOT ndi mphamvu yosakwana wati imodzi, ndipo timafuna thambo loonekera bwino. Chigwa chakuya, nkhalango yowirira yonyowa ndi mvula, chikwama chimene chagwa chafufumimba, kapena thupi la mwiniwake atakagonera, zonsezi zimatha kutsekereza uthenga. Tsoka lake n'lakuti ngozi sichitikira pabwalo la mpira. Munthu amatererekera kuphompho, amathyoka mwendo m'khwawa, amasochera m'mitengo. Malo amene thandizo limafunika kwambiri ndi omwewo amene thambo limaoneka ngati kamzere.

Pamenepa pali kusiyana kofunika kuposa dzina la kampani: kodi kachipangizoko kamamva yankho, kapena kamangolankhula? SPOT zoyamba, ndi zina zotsika mtengo zimene zikugulitsidwabe, zimangotumiza. Kagetsi kobiriwira kakathwanima ndiye kuti uthenga wanyamuka, osati kuti wafika. Opanga ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake uthenga woti munthu ali bwino umabwerezedwa katatu m'mphindi 20, ndipo wa SOS umabwerezedwa mphindi 5 zilizonse. Koma wapaulendo wotopa amadina, amaona kagetsi, n'kuzimitsa kuti asunge batire. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Uthenga wopanda yankho ndi fodya wa pachala. Ndiye taganizirani za amene watsala kunyumba. Anamuuza kuti madzulo alionse azilandira uthenga, lero sunabwere, ndipo kadontho ka pamapu kaima malo amodzi chiyambire masana. Kodi batire latha? Kodi alowa m'nkhalango? Aiwala? Kapena ali gone pansi pa thanthwe mwendo utathyoka? Kachipangizo kamakhala chete mofanana m'zochitika zonsezi. Wina amadzutsa gulu lonse la opulumutsa chifukwa cha batire, wina amadikira mawa poti dzana zinachitikanso chomwecho, ndipo amadikira pa tsiku limene sanayenera kudikira. Tizipangizo tolandira yankho, monga inReach kapena SPOT X imene inatuluka mu 2018, timachepetsa vutoli chifukwa timanena ngati uthenga wadutsa kapena ayi, ndipo wovulala amatha kufotokoza kuti n'chiyani chachitika. Pa zonse zimene wogula angalipirire ndalama yapadera, chimenechi chokha n'chimene sichifunika kunenerera.

Tinene kuti uthenga wadutsa, wafika pansi. Ufikira kwa ndani? Usiku wothera pa 28 Epulo 2012, boti loyendera mphepo lotchedwa Aegean linali pampikisano wochokera ku Newport Beach ku California kupita ku Ensenada ku Mexico, muli amuna anayi. Nyanja inali bata. Pakati pa usiku botilo linakawomba matanthwe a chilumba cha North Coronado n'kusweka, ndipo onse anayi anafa. Poyamba anthu ankaganiza kuti lagundidwa ndi sitima yaikulu mumdima, koma m'botimo munali SPOT imene inkalemba malo mphindi 10 zilizonse, ndipo timadontho take tinasonyeza mzere wowongoka wokathera pachilumba. Pa ntchito yojambula ulendo, kachipangizoko sikanaphonye. Koma ofufuza a bungwe la US Sailing anapeza chinanso: patangopita mphindi zochepa botilo litagunda, wina anadina batani la ngozi. Uthengawo unafika kulikulu la GEOS, kampani imene inkalandira mauthenga angozi a SPOT, koma unafika wopanda malo. Ogwira ntchito anaimbira nambala imene inali m'kaundula, ya mkazi wa mwini boti, usiku umenewo, n'kusiya uthenga pafoni. Asilikali olondera gombe sanauzidwe nthawi yomweyo, ndipo zidutswa za botilo zinadzaonedwa kutacha. Palibe angalumbire kuti kuimbira asilikaliwo kukanapulumutsa munthu. Mafunde a pamatanthwe sachedwa. Chimene nkhaniyi ikusonyeza n'chakuti batire linali bwino, setilaiti inamva, siteshoni inalandira, koma chimene chinagamula zochitika za usikuwo chinali ndondomeko yolembedwa papepala yonena zimene munthu wa padesiki achite uthenga ukabwera wopanda malo.

Desiki imeneyo ndi imene wogula saiona m'katoni. Munthu wa pamenepo, amene angakhale ku Texas pamene wodinayo ali ku Patagonia, ayenera kudziwa kuti dera limenelo limayang'aniridwa ndi ofesi iti, aimbe nambala imene ikugwiradi, apeze womva chilankhulo chake, ndipo aganize msanga ngati ili ngozi yeniyeni kapena batani ladinika m'chikwama. Zonse zimene akudziwa za wovulala n'zimene zinalembedwa pa akaunti: dzina, abale awiri oti aimbiridwe, mwina matenda, mwina dongosolo la ulendo. Ndipo desikiyo imasintha eni ake kachipangizo kali chikhalire m'kabati. Kumayambiriro kwa 2021 Garmin inalengeza kuti yagula GEOS, ndipo SPOT, imene inkadalira GEOS yomweyo kwa zaka zambiri, inapeza kampani ina yolandira mauthenga ake angozi. Amene anagula SPOT mu 2015 ali ndi kachipangizo komweko, batani lomwelo, koma oyankha ndi ena, ndondomeko ndi ina. Ngati sawerenga makalata a kampani, sadziwa n'komwe.

Tsopano tifike pa madandaulo amene amamveka ngati ang'onoang'ono. Ogula tizipangizo ta makampani amadandaula zinthu zofanana chaka ndi chaka: ndalama yodulidwa yokha kubanki mgwirizano ukatha, kuvuta kwa kuletsa mgwirizanowo, ndalama yotsegulira akaunti imene sinatchulidwe mokweza, kudikira pafoni nyimbo ikulira, ndiponso pulogalamu yam'kati imene imafuna kukonzedwa usiku woti mawa ulendo. Wina anganene kuti zimenezi n'zokwiyitsa chabe, sizikhudza moyo. Koma kwa zaka zambiri lamulo la tizipangizoti lakhala lakuti akaunti ikatsekedwa, batani la SOS nalonso lafa, ngakhale batire litadzaza. Ndipo poti makampani amasinthasintha malamulo a kalipiridwe, wogula ayenera kufunsa mwatsopano chaka chilichonse. Cholakwika cha mlembi wa ku ofesi ya ndalama chimatha kukaonekera pamwamba pa phiri. N'chimodzimodzinso ndi katundu wobwezedwa. Mu Disembala 2009, patangopita miyezi yochepa itatulutsa mtundu wake wachiwiri, SPOT inapempha ogula kuti abweze tizipangizo tina kuti tisinthidwe, ndipo mu 2011 bungwe la boma la America loteteza ogula linalengeza kuti mtundu wina, umene unkagulitsidwa pamodzi ndi GPS ya DeLorme, ubwezedwe chifukwa unkatha kuleka kutumiza uthenga. Kuvomera cholakwa chotere n'koyamikika, ndipo kampani yoitanitsa katundu wake ndi yabwino kuposa yokhala chete. Koma chenjezolo limafika kwa amene imelo yake ili m'kaundula yekha. Wogula kaunjika kapena wobwereka kwa mnzake amanyamula chilema osadziwa. Garmin nayo inalawako. Pa 23 Julayi 2020 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta ake, ndipo kwa masiku angapo mafoni, maimelo ndi masamba ake othandizira makasitomala zinali zii. Kampaniyo inanena kuti SOS ndi mauthenga a inReach zinapitiriza kugwira ntchito, ndipo zimenezo zikusonyeza kuti njira ya ngozi anaimanga padera, mwanzeru. Koma amene sabata imeneyo ankafuna kutsegula akaunti kapena kukonza vuto asananyamuke analibe woti amufunse.

Pali ondiyankha, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yamphamvu. Akuti odandaula ndi amene amafuula, pamene opulumuka ndi ochuluka. N'zoona. Cospas-Sarsat yathandiza kupulumutsa anthu oposa 50,000 chiyambire 1982, ndipo mu Okutobala 2022 Garmin inalengeza kuti mauthenga a SOS amene inathandizapo kudzera pa inReach afika 10,000. Munthu wanzeru sanganene kuti kuyenda chimanjamanja n'kwabwino kuposa kunyamula kachipangizo. Koma ziwerengero zimenezi zimawerenga mauthenga amene anafika. Uthenga umene unathera m'masamba a mitengo, kapena batani limene linadinidwa akaunti itatsekedwa, sizilowa m'buku la kampani iliyonse, poti palibe anazimva. Chiwerengero cha opulumuka chikutiuza kuti dongosololi n'lothandiza. Sichikutiuza kuti limalephera kangati. Oyankhawo amawonjezanso kuti desiki ya SOS ndi yosiyana ndi desiki ya makasitomala, ndiye ulesi wa iyi suyenera kutiopseza za iyo. Zosiyana n'zosiyanadi, monga zinaonekera mu 2020. Koma wa padesiki ya SOS amawerenga zimene wa padesiki inayo analemba kapena analephera kukonza. Nambala ya m'bale ikakhala yakale chifukwa tsamba losinthira linkakana, kulimbikira kwa wa SOS kumathera pafoni yosayankhidwa.

Mfundo yachiwiri ndi ya okonda PLB: siyani makampani, gulani ka boma, kopanda ngongole ya mwezi, kamphamvu kuposa tinato. Kwa munthu amene akufuna chinthu chimodzi chokha, choti akakhala pakati pa moyo ndi imfa amveke, malangizowa ndi abwino, ndipo kuyambira mu Januwale 2020 masetilaiti a Galileo a ku Ulaya amatha kubweza chizindikiro ku PLB zina zatsopano chosonyeza kuti mfuu yamveka. Koma PLB nayo si mankhwala a zonse. Mu Febuluwale 2015 mayi wina wa zaka 32, wodziwa kukwera mapiri, anagwidwa ndi chimphepo chozizira koopsa m'mapiri a White Mountains ku New Hampshire ndipo anayatsa PLB yake. Uthenga unafika, opulumutsa ananyamuka usiku womwewo. Koma m'kuzizira koposa kumene kachipangizoko kanapangidwira, malo amene kankanena ankasinthasintha, ena kutali ndithu ndi anzake, ndipo gulu linavutika m'chipale chofewa kulondola malo olakwika. Anam'peza mawa lake atamwalira, pafupi ndi pamene chizindikiro choyamba chinaloza. Panalibe njira yomufunsa kuti ali mbali iti ya phiri. Komanso PLB ili ndi ntchito yake ya m'kaundula: iyenera kulembetsedwa ku boma, ku America amakumbutsa zaka ziwiri zilizonse, ndipo batire lake lili ndi tsiku lothera ntchito lolembedwa pambali. Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa tanthauzo la tsiku limenelo. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko Dr. Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba kuti kachipangizo kolozera ndege ikagwa kanali ndi batire lotha ntchito mu 2004, ndiponso kanali ka mtundu wakale wa 121.5 MHz, umene masetilaiti analeka kuumvetsera mu Febuluwale 2009. Kachipangizo sikaletsa ndege kugwa. Ntchito yake ndi kufupikitsa maola ofunafuna. Kanalipo, pamalo pake, koma panalibe amene anakasamalira.

Ena akuti nkhani yonseyi yatha ntchito chifukwa mafoni ayamba kulankhula ndi masetilaiti. Mu Novembala 2022 Apple inayambitsa SOS ya pa setilaiti pa iPhone 14 ku America ndi ku Canada, pogwiritsa ntchito masetilaiti a Globalstar omwe aja, ndipo makampani ena atsatira. Ndi chitukuko chenicheni, makamaka kwa munthu amene sakanagula kachipangizo kapadera. Koma ntchitoyi imatsegulidwa m'maiko owerengeka okha, foni iyenera kulozetsedwa kumwamba ndi dzanja la munthu amene ali ndi mphamvu yoimika mkono, ndipo batire lake ndi lomwe lija latha ndi zithunzi ndi tochi. Chachikulu n'chakuti foni sichotsa desiki. Imangosintha amene wakhalapo.

Mfundo yotsala ndi yakuti tizipangizoti timalimbitsa mtima anthu osakonzeka. Chitsanzo chimene opulumutsa a ku America sachiiwala ndi cha mu Sepitembala 2009 ku Grand Canyon, pamene abambo awiri ndi ana awo achinyamata anadina batani katatu m'masiku atatu: koyamba madzi atawathera, ngakhale helikopita pofika anali atawapeza kale; kachiwiri chifukwa madziwo ankamveka mchere; kachitatu oyang'anira malowo anangowanyamula n'kuwatulutsa. Ndi nkhani yoseketsa mpaka mutakumbukira kuti oyendetsa helikopita m'zigwa zimenezo amaika moyo wawo pachiswe. Koma taonani kuti nayonso ikuloza komwe kuja. Pakanakhala njira yofunsa kuti vuto n'chiyani, yankho likanakhala mawu awiri a malangizo, osati ndege. Ndipo kampani imene imatsatsa batani ngati chithumwa, osaphunzitsa ogula nthawi yoyenera kulidina, yalephera pa ntchito yosamalira makasitomala isanagulitse n'komwe.

Mphete yomaliza ya unyolowu siili m'manja mwa kampani iliyonse, ndipo ndi imene ikutikhudza kuno. Uthenga ukafika, desiki ikaimba, payenera kukhala wina woti anyamuke. Ku Alps kapena ku Colorado kuli magulu ophunzitsidwa ndi mahelikopita odikira. Paphiri la Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002 ndipo chiperoni chimatha kuphimba njira m'kanthawi kochepa, amene amakwera kukafuna wosowa kawirikawiri ndi operekeza alendo, onyamula katundu, a zankhalango ndi apolisi, wapansi. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anasowa paphiripo ndipo sanapezeke; mu 2009 mnyamata wa ku Brazil amene analowera ku Sapitwa yekha anapezeka atamwalira patadutsa masabata oposa awiri. Pa ngozi zoterezi kachipangizo kakanathandiza kwambiri, chifukwa chimene chinkasowa ndi malo enieni oti anthu akayang'ane pakati pa matanthwe ndi mapanga osawerengeka. Koma mlendo amene wabwera ndi inReach asaganize kuti wabwera ndi helikopita. Kadontho kake kakaoneka ku Texas m'mphindi zochepa, koma machira adzakwera ndi miyendo, ndipo nkhungu ikatseka adzadikira. Choncho nambala zofunika kwambiri pa akaunti yake si za achibale a ku London okha, koma za munthu wa kuno amene akudziwa woti amudzutse ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo. Palinso malamulo: ku India, mwachitsanzo, tizipangizo ta Iridium n'toletsedwa popanda chilolezo, ndipo alendo agwidwapo nato pabwalo la ndege. Kampani yosamala imachenjeza ogula ake za zimenezi poyera, osati m'timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto kwa tsamba.

Ndiye amene akuganiza zogula, kaya ndi wokwera mapiri, mwini kampani yoperekeza alendo, kapena bungwe lotumiza antchito kumadera opanda netiweki, asayambire pa mtundu wa katoni. Chikomekome cha mkuyu chija chimagwira bwino ntchito m'masitolo a zipangizo. Asankhe kolandira yankho ngati thumba likulola, ndipo ngati ulendo uli woopsadi, PLB yolembetsedwa ikhale m'thumba lina. Ulendo uliwonse usanayambe atuluke panja, atumize uthenga woyeserera, aone kuti wafika. Atsegule akaunti awerenge nambala zimene zilimo mokweza. Auze otsala kunyumba kuti kusowa kwa uthenga umodzi si maliro, koma agwirizane tsiku ndi ola limene likadutsa ayenera kuimba, ndiponso kuimbira ndani. Ndipo musanalipire, chitani chinthu chimodzi chosavuta: imbirani kampaniyo kapena ilembereni, muifunse kuti SOS yochokera ku Malawi imakafikira ofesi iti, amatani uthenga ukabwera wopanda malo, ndipo batani limagwirabe kapena ayi malipiro akachedwa. Yang'anani wotchi. Akalephera kukuyankhani masana a Lachitatu, inu muli pakhonde panu netiweki ili yodzaza, ndalama zanuzo pitani nazo kwina.